Laputopu Yoyenera Wophunzira Wochokera Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

Wophunzira zinenero ndi zolembalemba pa yunivesite masiku ano sangapite patali popanda kompyuta. Aphunzitsi ambiri amafuna ntchito yotayipa, mabuku ochuluka amene timawerenga amatipeza ngati mafayilo a PDF, ndipo chitsekereni sukulu pa 23 March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, chizolowezi chotumiza ndi kulandira ntchito pa intaneti chidakhazikika. Malangizo osankhira laputopu ndi ambiri, koma ochuluka mwa iwo adalembedwera munthu amene ali ndi magetsi usana ndi usiku, amene kompyuta ikamukanika amangoibweza kusitolo. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza mmene nkhani yomweyi imaonekera kwa wophunzira wonga ine, amene kwawo ndi kumapiri a Ntchisi ndipo kuchimuna ndi ku Dowa, amenenso kafukufuku wake amakachitira komweko pa nthawi ya tchuthi.

Kwathu laputopu imagulidwa kamodzi. Ndalama yake imachokera ku fodya amene bambo agulitsa ku Kanengo, ku matumba a soya ndi mtedza, kapena kwa amalume amene agwira mtima n'kugulitsa ng'ombe. Ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene lidakhazikitsidwa mu 2015, imathera pa fizi ndi chakudya. Malaputopu onse ndi ochokera kunja, motero mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mlimi adayenera kulima munda wokulirapo kuti agule kompyuta yomwe ija. Wophunzira akasankha molakwika, amene amalipira ndi banja lonse, ndipo mwayi wachiwiri umadikira kholola lina. N'chifukwa chake ndikuti munthu asanafunse mtengo, ayambe wadzifunsa mafunso awiri: kodi kompyutayi izigwira ntchito yanji, nanga izigwirira kuti?

Tiyambe ndi ntchito. Kupatula kutayipa ndi kuwerenga, wophunzira zinenero amagwiritsa ntchito mapulogalamu ochepa odziwika. Praat, imene adakonza Paul Boersma ndi David Weenink a ku University of Amsterdam, imajambula mawu pa sikirini kuti munthu aone kukwera ndi kutsika kwa liwu. Khutu langa limadziwa kuti mténgo wa m'nkhalango ndi wosiyana ndi mtengo wa katundu, kapena kuti khúngu la pathupi si khungú la wosaona, koma poti ndiwonetse aphunzitsi kusiyanako papepala, ndimafuna Praat. Amene adawerengako buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la The Phonology of Chichewa la 2017 akudziwa kukula kwa nkhani imeneyi m'chinenero chathu. ELAN, yochokera ku Max Planck Institute for Psycholinguistics ku Nijmegen, imathandiza kulemba mawu ojambulidwa mzere ndi mzere mogwirizana ndi nthawi imene adayankhulidwa. AntConc ya Laurence Anthony imawerengera mawu, mwachitsanzo pofuna kudziwa kuti m'nthano makumi awiri agogo anena kangati "adapita" ndipo anena kangati "anapita". Palinso FLEx ya bungwe la SIL yopangira mtanthauziramawu. Onsewa ndi aulere, ndipo palibe ngakhale imodzi imene imafuna kompyuta yamphamvu koposa.

Mfundo imeneyi imachotseratu mitundu ina ya malaputopu pa mndandanda. Laputopu ya masewera, ija yolemera yokhala ndi nyali zamitundumitundu pa kiyibodi, ili ndi mphamvu zimene wophunzira zinenero sadzazigwiritsa ntchito, koma adzazilipira pa mtengo ndi pa magetsi. Chromebook ndi yotsika mtengo ndipo batire lake limakhalitsa, komabe idapangidwira munthu amene ali pa intaneti nthawi zonse, ndipo kuikamo mapulogalamu athu aja ndi ntchito ya akatswiri. Kumene netiweki ya Airtel kapena TNM umaipeza utakwera pachulu, Chromebook imasanduka mbale yoikira pathebulo. MacBook ndi kompyuta yabwino, ndipo Praat ndi ELAN zimayenda bwino pamenepo, koma FLEx idapangidwira Windows ndi Linux basi, ndiponso chipangizo chake chikawonongeka simungachipeze pa Mponela. Otsala ndi malaputopu wamba a Windows, atsopano kapena ogwiritsidwapo kale ntchito, amene anzanga amangowatcha a kaunjika.

Ambiri a ife timagula a kaunjikawo, ndipo ine sindiona cholakwika. Makampani a ku Ulaya ndi ku America amasintha makompyuta a antchito awo pakapita zaka zingapo, ndipo ambiri mwa makompyutawo amafika m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Limbe. Mitundu yopangira maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, ndi yolimba kuposa malaputopu atsopano otsika mtengo a pulasitiki yopyapyala. Mahinji ake ndi achitsulo, kuitsegula ndi kungomasula masikuluwu ochepa, ndipo popeza idagulitsidwa yambirimbiri, mabatire, matchaja ndi makiyibodi ake amapezeka. Kawirikawiri imabweranso ndi chiphaso cha Windows chosungidwa m'kati mwa kompyuta momwemo, kotero palibe chifukwa cholipirira munthu kuti akuikireni Windows yakuba.

Msampha waukulu pa malonda a kaunjika uli pa kapepala kakang'ono komatidwa pafupi ndi kiyibodi, kolembedwa kuti Core i5 kapena Core i7. Wogulitsa amaloza pamenepo n'kunena kuti i7 ndiye yamphamvu, wogula naye n'kuvomera poona kuti 7 ndi wamkulu kuposa 5. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dzina lonse la pulosesa, imene ndi ubongo wa kompyuta, limakhala ndi manambala ena pambuyo pa kamzere, ndipo manambalawo ndiwo amanena mbadwo wake. Pa i7-3520M, nambala yoyamba ndi 3, kusonyeza mbadwo wachitatu, wa mu 2012. Pa i5-8250U, nambala yoyamba ndi 8, mbadwo wachisanu ndi chitatu, umene udatuluka mu 2017. Yoyambayo ili ndi timagawo tiwiri togwirira ntchito, timene amati ma core, pamene yachiwiriyo ili ndi tinayi, ndipo imadya magetsi ochepa. Choncho i5 imeneyi imaposa i7 ija pa liwiro ndi pa batire pomwe. Kuyambira mbadwo wa khumi timawerenga manambala awiri oyamba: i5-10210U ndi ya mbadwo wa 10, pamene i5-1135G7 ndi ya mbadwo wa 11. Kwa ife ophunzira kapangidwe ka mawu, kuphwanya dzina lotere sikusiyana ndi kuphwanya mneni kuti tipeze mphatikiri wa nthawi.

Mbadwo wachisanu ndi chitatu uli ndi tanthauzo lina lapadera. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idasiya kutumiza zokonza chitetezo cha Windows 10, kupatula kwa amene adalembetsa m'ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Windows 11, imene idalowa m'malo mwake, imafuna pulosesa ya Intel ya mbadwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen ya gulu la 2000 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe, ndiponso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Zotsatira zake n'zakuti makompyuta akale amene eni ake kunja awataya chifukwa cha lamuloli ndi amene amawala m'mawindo a masitolo kuno, atapukutidwa bwino. Kompyuta yotere siyafa ayi. Ikhoza kugwira ntchito zaka zingapo ndi Linux Mint kapena Ubuntu, momwe Praat, ELAN ndi LibreOffice zimayenda popanda vuto. Koma wogula ayenera kudziwa chimene akugula ndipo mtengo wake utsike moyenera. Dzina la laputopu palokha silikwanira, chifukwa ThinkPad T480 ndi EliteBook 840 G5, zonse za mu 2018, zidatuluka zina ndi pulosesa ya mbadwo wa 8, zina ya mbadwo wa 7. Njira yotsimikizira ndi kutsegula Task Manager, kupita pa Performance, n'kuwerenga dzina la pulosesa ndi maso ako.

Pa tsamba lomwelo pamaonekanso RAM, malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo. 8GB ndi yokwanira pa ntchito zathu, 4GB ndi yochepa. Ndi bwino kufunsa ngati RAM ingawonjezeredwe m'tsogolo, popeza pa malaputopu ena opyapyala idawotchereredwa ndipo singasinthidwe.

Funso lachiwiri lija, la malo, ndilo limene ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa malangizo a kunja saliganizira. Kalembera wa 2018 adasonyeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo adali a m'tauni. Ndondomeko ya MAREP yafikitsa mawaya m'malo ambiri ochitira malonda, koma mudzi umene uli kuseri kwa phiri, mtunda wa maola awiri kuchokera pa Malomo kapena pa Mvera, umadalirabe tochi ndi sola. Ngakhale kumene kuli mawaya, tonse tikukumbukira mmene kudalili namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wophunzira wa kwathu amagula batire, kompyuta n'kungobwera nalo limodzi.

Kukula kwa batire kumayezedwa pochulukitsa mawati ndi maola, ndipo muyezowu umalembedwa kuti Wh. Masamu ake ndi a pulayimale. Ngati batire ndi la 50Wh ndipo kompyuta ikudya mawati 10 pa ntchito yopepuka monga kutayipa, ndiye kuti maola ndi asanu. Vuto ndi lakuti batire limakalamba, ndipo la kaunjika limakhala litataya kale gawo la mphamvu zake. Wogulitsa akanena kuti limakhala maola asanu ndi limodzi, palibe chifukwa chokangana naye. Windows ili ndi njira yoululira zoona. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, ndipo kompyuta idzatulutsa lipoti. M'lipotimo muli manambala awiri ofunika: Design Capacity, mphamvu imene batire lidabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, mphamvu imene latsala nayo. Ngati yoyamba ndi 50,000 mWh ndipo yachiwiri ndi 25,000 mWh, maola asanu aja atsala awiri ndi theka. Pamenepo mtengo wa batire latsopano uyenera kuchotsedwa pa mtengo wa laputopu, kapena mungotsanzika mwaulemu.

Ine ndili ndi T480 ya kaunjika, ndipo chimene chidandikoka ndi chakuti ili ndi mabatire awiri, lina la 24Wh m'kati, lina lakunja lochotseka, limene limapezeka la 24Wh, la 48Wh kapena la 72Wh. Lakunjalo mukhoza kulisintha kompyuta ili chiyakire. Kwa munthu amene amatchajitsa pamsika kawiri pa sabata, m'kanyumba kometera momwe mafoni makumi atatu apanikizana pa soketi imodzi, batire lapadera m'chikwama ndi tsiku lina lathunthu la ntchito.

Pa nkhani ya sola pali chinthu chimene makolo athu ambiri sachidziwa, ndipo amadabwa mwana akanena kuti kompyuta siikutchajika pamene nyali zikuyaka. Masola ang'onoang'ono a nyali zitatu ndi wailesi amatulutsa mavoti 5 pa kabowo ka USB, okwanira foni. Laputopu imafuna mavoti pafupifupi 20. Amene ali ndi sola yokulirapo ndi batire la galimoto la mavoti 12 amagwiritsa ntchito inveta, koma inveta imadyako gawo la mphamvuyo posintha magetsi, ndipo tchaja imadyanso lina powabwezera. Laputopu imene imatchajidwira pa USB-C ili ndi mwayi apa, chifukwa pali timatchaja ta m'galimoto ta mtundu wa Power Delivery timene timatenga magetsi ku batire la mavoti 12 osadzera pa inveta. Muyang'anenso mawati olembedwa pa tchaja. Ya laputopu ya mu ofesi imakhala ya 45W kapena 65W, pamene ya masewera imafika 150W kapena kuposa, ndipo ikhoza kukhuthula batire la pakhomo n'kusiya banja mumdima nthawi ya chakudya chamadzulo isanakwane. Amene achimwene awo akuwatumizira laputopu kuchokera ku Johannesburg akumbukire kuti pulagi ya ku South Africa ili ndi mano ozungulira, osalowa m'masoketi athu a mabowo a makona, ngakhale mphamvu ya magetsi ndi yofanana.

Kenako pali msewu. Malaputopu akale amasunga mafayilo pa hadi disiki, imene m'kati mwake muli mbale yozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake. Kabaza wa njinga yamoto akamatsika nanu chitunda cha miyala kulowera kwa Nthondo kapena kwa Kasakula, chikwama chikugunda pamsana, mbale imeneyo imalandira zonse. SSD ilibe chozungulira chilichonse, simva kugwedezeka, imadya magetsi ochepa, ndipo kompyuta imayaka m'masekondi owerengeka. Ndikadasankha pakati pa hadi disiki ya 1TB ndi SSD ya 256GB, ndikadatenga SSD mosaganiza kawiri. Malowo ndi okwanira: ola limodzi la mawu ojambulidwa mu WAV ya 44.1 kHz, 16-bit, njira imodzi, limatenga pafupifupi 320MB, kutanthauza kuti maola 100 a nthano ndi 32GB yokha. Chimene chimadzaza kompyuta ndi mafilimu, ndipo pa nkhani imeneyo aliyense adziweruze yekha. Fumbi la mu September ndi October limatseka fani, kompyuta n'kumatentha, batire n'kumafulumira kukalamba. Nkhungu ya mu June ndi July ya m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi imasiya chinyezi pa chilichonse, ndipo nyerere ndi mphemvu zimakonda malo ofunda a m'kati mwa kompyuta. Thumba lotseka bwino ndi laputopu yotseguka mosavuta popukuta fani zimathetsa zambiri mwa izi.

Kiyibodi ndi chiwalo chimene ogula ambiri sachiyesa, chonsecho ndi pamene zala za wolemba zimakhala zaka zinayi. Malaputopu a kaunjika amabwera ndi makiyibodi a kumene achokera. Ya ku Germany imasinthanitsa Y ndi Z, ya ku France imayamba ndi AZERTY, ndipo pa zonsezi kankhodolero ka m'mwamba kali pena. M'Chichewa kachizindikiro kameneka si kokongoletsa. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire, ndipo m'ndime imodzi timalemba m'mudzi, n'chifukwa, ng'ombe ndi pang'ono kangapo. Sankhani kiyibodi ya ku UK kapena ku US, tsegulani Notepad, ndipo dinani batani lililonse limodzilimodzi wogulitsa akuona. Lembo la ŵ, limene agogo ena kwathu amalitchulabe m'mawu monga mbeŵa ndi Maraŵi, silipezeka pa kiyibodi iliyonse yogulitsidwa kuno, choncho lisakuvutitseni posankha. Mu Word mumalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, ndipo lalikulu ndi 0174. Amene amalemba zizindikiro za kamvekedwe ka mawu kawirikawiri angaike pulogalamu ya Keyman ndi zilembo za Charis SIL, zonse zaulere. Onetsetsaninso kuti kabowo ka mahedifoni kakugwira ntchito, popeza kulemba mawu ojambulidwa ndi ntchito ya khutu, ndipo kwa ine ola limodzi la nthano limatenga tsiku lonse kapena kuposa. Pojambula pamenepo, mayikolofoni ya laputopu imatola phokoso la fani yake yomwe, motero foni yabwino yoikidwa pafupi ndi woyankhula imachita bwino koposa.

Tsiku logula, pitani ndi mnzanu wodziwa makompyuta ndipo musakhale ndi changu cha minibasi yobwerera ku Ntchisi. Zimitsani kompyuta, muiyatsenso, mulowe mu BIOS. Ikafunsa mawu achinsinsi amene wogulitsa sakuwadziwa, isiyeni, chifukwa pa mitundu ina loko ameneyu sachoka popanda kusintha chipangizo chachikulu cha m'kati. Ilumikizeni pa intaneti ya foni yanu, muone ngati sikutulutsa dzina la kampani kapena sukulu ina yakunja imene idakali ndi ulamuliro pa iyo. Yang'anani sikirini ili yoyera ndiponso ili yakuda kuti muone madontho, yesani mabowo onse a USB ndi fulashi yanu, ndipo muone ngati tchaja ili ya kampani yomweyo. Pomaliza pemphani lisiti lokhala ndi nambala ya laputopuyo, imene imalembedwa pansi pake. Malaputopu amabedwa m'mahositelo, ndipo wogula wopanda lisiti akhoza kutaya kompyuta ndi ndalama zomwe apolisi akabwera, n'kuyankhanso mlandu wopezeka ndi katundu wakuba.

Pakatha miyezi ingapo, zimene zili m'kati mwa laputopu zimaposa mtengo wa laputopuyo. Asayimenti ikatayika, munthu amalembanso usiku umodzi. Koma mawu a agogo a zaka 80 akufotokoza za chinamwali, kapena mbiri ya ufumu wa mudzi monga adaimvera kwa amalume awo, mwina sadzajambulidwanso. Ine ndimasunga fayilo iliyonse malo atatu: mu laputopu, pa fulashi imene siyenda m'chikwama chimodzi ndi laputopu, ndi pa Google Drive ndikafika pamene pali intaneti yabwino. Pa ndalama yogulira kompyuta, ya fulashi ipatulidwe poyambirira.

Mawu amenewa ali ndi eni ake. Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, koma kulengezako sikudatsegule dambwe kwa aliyense. Wofufuza amayamba wagwada kwa amfumu, ndipo akuluakulu ndiwo amanena zimene zingajambulidwe ndi zimene ziyenera kutsala m'makutu. Ngakhale zololedwazo zimaperekedwa kwa munthu amene amukhulupirira, osati kwa aliyense wobwereka kompyuta kuhositelo kuti aonere mpira. Malaputopu a maofesi aja kawirikawiri amabwera ndi Windows Pro, imene ili ndi BitLocker, njira yotsekera zonse za mu SSD kuti wakuba asathe kuziwerenga ngakhale ataichotsa n'kuiika m'kompyuta ina. Poiyatsa, BitLocker imapereka kiyi wa manambala 48 wotsegulira zinthu zikavuta. Wanga ndidamulemba papepala, ndipo amayi amasunga m'sutikesi momwe muli satifiketi yanga ya MSCE ndi makadi a kusikelo a azing'ono anga.